Masiku Atatu a Kondrat

"Wakuba ameneyu ndi wamisala," anatero Zigurds, "apo ayi akufuna kupengetsa ine."

Modris Kalvans anatsamira khoma. Anali atangotsika masitepe a chipinda chapansicho, ndipo bondo lake lamanzere linali likumukumbutsa kuti upolisi anausiya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Choyamba kumulonjera chinali fungo: nsalu zakale, polishi wa majombo ndi mankhwala othamangitsa njenjete. Fungo limeneli ankadana nalo, komabe akalimva mtima wake unkabwerera ku unyamata wosapempha chilolezo.

Zigurds anali mnzake wa kusukulu. Kwa zaka makumi atatu munthuyu anakhala akutolera za asilikali a Soviet Union, majekete, zipewa, malamba, nyota ndi mamendulo, mpaka anadzaza chipinda chapansi pa nyumba ina yakale ya asilikali m'tauni ya Daugavpils n'kuyamba kuonetsa alendo. Choseketsa, kapena chomvetsa chisoni, n'chakuti mwini wakeyo usilikali sanaulaweko. Madokotala anamubweza chifukwa cha mtima, ndipo chilonda chimenecho sichinapole. Ankadziwa batani lililonse ndi chaka chake, koma sanadzutsidwepo ndi kukuwa kwa sajeni.

"Chabedwa n'chiyani?" anafunsa Modris.

"Bwera udzaone wekha."

Anadutsa jekete ya kazembe ya nyota zagolide, anadutsanso bokosi la galasi lodzaza mamendulo. Zonse zinali m'malo mwake. Zigurds anakaima pakona, pomwe chidole china chinavala jekete yosuluka ya msilikali wamba ndi kachipewa kake. Analoza kolala.

Msilikali aliyense wa nthawi imeneyo ankasokerera kansalu koyera m'kati mwa kolala madzulo aliwonse, kuti m'mawa sajeni akapeze khosi laukhondo. Amene atsala ndi masiku zana kuti lamulo lowamasula lituluke ankapeta pakansaluko nambala ya masiku otsalawo ndi ulusi wakuda. Sankapeta okha ayi. Imeneyo inali ntchito ya obwera kumene. Modris anaigwirapo ntchitoyo miyezi itatu, tulo tili m'maso, akupetera munthu wina amene ankamuthokoza ndi makofi.

"Apa panali 3," anatero Zigurds. "Kansalu ka eni ake, kachikasu, ka thukuta la zaka makumi anayi. Dzulo nditabwera kokadya ndinapeza katsopano, pali 2. Lero taona!"

Kansaluko kanali koyera mbee. Pakona pake panali nambala 1.

"Majekete otere ali mbwee pamsika," anapitiriza. "Koma yokhala ndi kansalu kake koyambirira, ka nambala, ndi iyi yokha imene ndaionapo. Loweruka akubwera Mjeremani kudzaitenga. Ndikamuuza chiyani? Ndi Taisiya wokolopa munoyu, palibenso wina. Makiyi ali nawo ndi iye. Mawa ndimuchotsa ntchito, kenako ndipite kupolisi yeniyeni, osati iwe wopumawe."

Modris anavala magalasi. Nsaluyo inali yong'amba ndi manja, osati yodula ndi sizasi. M'mphepete mwake munatulukira pamwamba pa kolala pang'ono chabe, mulingo wa mutu wa machesi, ndipo kunja kwa kolala ulusi sunkaoneka ngakhale pamodzi. Anapinda jeketeyo n'kuona m'kati zilembo zolembedwa ndi mankhwala oyeretsera zovala, monga ankachitira onse: K. M. Zuyev. Kenako ananyamula kachipewa.

"Usakhudze! Iwe, manja akowo!"

"Khala chete, kazembe wopanda nkhondo iwe." Modris anatembenuza kachipewako. M'kati mwa mpindiro munabayidwa singano, ulusi utakulungidwa mopingasa ngati nambala 8. "Singano iyi inali yotani?"

"Yadzimbiri. Yakhala choncho chibwerere."

"Lero ikunyezimira. Tandiuza, mzimayi wodziwa kusoka angasiye singano yake kunyumba n'kukafufuza ina m'chipewa cha chidole? Akamaliza n'kuibwezeranso pamalo pake, ngati akuopa sajeni?"

Zigurds anawerama n'kusuzumira singanoyo.

"Mawa ndi ziro," anatero Modris akubwezera kachipewako. "Ndipo ziro ikakwana, munthu amapita kwawo."

* * *

Modris anapeza Taisiya Markelovna kuchipinda cha matsache akufinya chikolopa. Anali mayi wowonda, wa mpango wakuda womanga pansi pa chibwano monga amachitira a mpingo wa chikhulupiriro chakale. Mawu ankawatulutsa limodzilimodzi, ngati akuwamvera chisoni.

"Masana mumakhala kuti, mayi?"

"Kwa aneba. Anafa ziwalo. Ndimakawamwetsa supu."

"Nthawi yanji?"

"Thwelofu mpaka wani. Abwana akatseka."

"Makiyi alipo angati?"

"Anga. A abwana. Ena ali pa msomali kwa oyang'anira nyumba."

Modris anayang'ana zala zake. Zinali zotupa ndi nyamakazi, zopindika ngati mizu ya mtengo. Zala zimenezo sizikanalowetsa ulusi pasingano ngakhale atazipatsa tsiku lonse. Mlandu ukanathera pomwepo, koma maso a mayiyo ankathawa, ndipo galu wamkota sakandira pachabe.

"Taisiya Markelovna, musanakwatiwe munali a ndani?"

Chikolopa chinasiya kudontha.

"Zuyeva."

"Ndiye K. M. uja..."

"Kondrat. Mlongo wanga." Anakhala pansi pa ndowa yovundikira, ndipo mawu amene anawasunga zaka zonsezo anayamba kutuluka okha. "Anabwera m'bokosi lachitsulo lowotcherera. Anati lole inagubuduka. Msilikali wa nyota anaima pambali mpaka tinakwirira, kuti wina asatsegule. Sanatipatse kanthu, bambo, ngakhale batani. Amayi anamwalira akunenabe kuti m'bokosimo munali mchenga, mwana wawo akubwera. Chaka chilichonse masamba akayamba kuyoyoka ankamuphikira supu ya bowa."

"Jeketeyi munaiona liti?"

"Zaka zinayi zapitazo. Ndinalowa kuthawa mvula. Ndinaona zilembo zija. Mawa lake ndinabwera kudzapempha ntchito yokolopa."

"Zigurds akudziwa?"

"Ayi. Akanati ndikupempha. Ine sindipempha." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndimangomupukuta fumbi pamapewa m'mawa uliwonse. Zimandikwanira. Tsopano akumutumiza ku Jeremani, mwana amene anangotsala masiku atatu kuti afike pakhomo pa amake." Anamuyang'ana Modris m'maso. "Mwapeza chifukwa chondimangira. Mangani."

Modris anamva chisoni chimene sanachimvepo pa milandu yonse ya ntchito yake. Zinali zoona: wapolisi wachinyamata akanangomva zimenezi, sakanafufuzanso kwina.

"Za Mjeremaniyu munauzako ndani?"

"Mulungu. Ndi Rimma."

"Aa, mayi," anatero Modris akudzuka, "ndiye munauza tauni yonse."

* * *

Rimma ankagulitsa tiyi ndi mabanzi a kabichi m'kanyumba koyang'anizana ndi khomo la chipinda chija. Anali ndi tsitsi lofiira lopaka ndi pakamwa posadziwa tchuthi.

"Modris Kalvans! Ndimayesa munafa kalekale! Mwanenepa bwanji, ndani akukuphikirani? Tengani banzi, lotentha, musakane, nkhope yanuyo ikuoneka ya njala. Za Taya, Taisiya wathu? Bodza lenileni! Taya angabe? Munthu woti akatola batani pamsewu amafufuza mwini wake mpaka Lamulungu? Zigurds uja zidole zamudya mutu. Mkazi wake anandiuza yekha kuti..."

"Rimmochka, masana a dzulo ndi lero, analowa ndani pakhomo paja?"

"Palibe. Ine ndimakhala pompano, ntchentche yomwe ndimaiona. Abwana atuluka, Taya atuluka, zii mpaka wani."

"Palibiretu?"

"Ndati palibe! Kupatula Fima wa mapaipi, koma ameneyo ndi munthu womuwerengera? Chisanu chayandikira, akuyendera mapaipi otenthetsera m'nyumba. Bubu ameneyo, moni amachita kugula. Mkazi alibe, galu alibe. Komatu wandiseketsa sabata ino! Dzulo wabwera, akuti, 'Rimma, sopo.' Lero wabweranso, 'Rimma, sopo.' Kusamba m'manja mpaka m'zikhadabo, ngati dokotala. Ndiye ine ndikuti, Fimochka, ukukakwatira kapena? Munamuonapo wa mapaipi wosamba asanagwire ntchito?"

Banzi linaima panjira yopita kukamwa. Modris anaona manja ake omwe, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akuwatsuka ndi madzi ozizira ngati mpeni, chifukwa kansalu koyera sikakhululukira chala chakuda.

"Za Mjeremani munamuuza liti?"

"Ine? Kumuuza? Ndinangotchulako Lachiwiri. Ndinati mlongo wake wa Taya akumugulitsa kunja. Anasiya tiyi wosamwa, munthu wake ndi wotero."

* * *

Lachisanu masana Zigurds anatseka chitseko ndi phokoso monga mwa masiku onse, koma anatsekera m'kati. Iye ndi Modris anabisala kuseri kwa majasi ataliatali a asilikali. Modris anali atakhazika Taisiya kuchipinda cha matsache, chitseko chili chotsegula pang'ono; supu ya aneba anakapereka Rimma.

"Ndikangomuona ndimudumphira," ananong'ona Zigurds.

"Ndi mtima wakowo? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukhale phee mpaka ndinene."

Patapita mphindi khumi kiyi analira pachitseko. Analowa bambo wamfupi wa imvi, ovolosi yake yamafuta koma manja ali oyera. Chikwama chimene ananyamula chinali chachikulu, ndipo chinkaoneka kuti mulibe chitsulo chilichonse. Mapaipi sanawayang'ane n'komwe. Anapita molunjika pakona, anaima patsogolo pa chidole chija n'kugwedeza mutu ngati akupereka moni.

Anavula jekete ija pachidole mosamala, batani limodzilimodzi, n'kukhala nayo pa kampando. Anamasula kansalu ka dzulo. M'thumba anatulutsa nsalu yoyera, anaing'amba, anaipinda pawiri, n'kuikhwekhweretsa m'mphepete mwa kampando kuti iwongoke. Singano anaitenga m'kachipewa osayang'ana.

Zigurds anafuna kutuluka, koma Modris anamugwira pamkono. Chifukwa chake sichinali cha upolisi. Ankangofuna kuonerera. Zala zakezo zinali zikuyenda zokha m'thumba la jasi, kubaya, kukoka, kubaya. Zaka zake ziwiri za usilikali anazitukwana moyo wake wonse, boma lija silinamusowe tsiku ndi limodzi lomwe, koma pa nthawi imeneyo akanapereka chilichonse kuti akhalenso pa kampando koteroko, msana uli wowongoka, anzake onse ali moyo, kwawo kukumudikira.

Bamboyo anasintha ulusi, anatenga wakuda. Anapeta kanthu kozungulira, analuma ulusi ndi mano, n'kubwezera singano m'kachipewa. Kenako anatsegula chikwama.

"Yefim," anatero Modris akutuluka, kumutchula Fima wa mapaipi uja dzina lake lenileni. "Chikwamacho chisiyeni kaye."

Munthuyo sanathawe. Anangoimirira, manja m'mbali, jekete ili pamkono.

"Mbava!" anakuwa Zigurds. "Wandiwonongera chinthu cha zaka makumi anayi! Kansalu kanga kali kuti?"

Yefim anapisa m'thumba la pamtima n'kutulutsa kansalu kachikasu kokulungidwa m'pepala. "Aka. Sindinakataye. Ndi kanga."

"Kako bwanji?"

"Ndinasoka ndine. Onani 3 wakeyo, wapendekeka. Ndinali ndi tulo." Mawu ake anali okhakhala ngati chitseko chosatsegulidwa kawirikawiri. "Ndinali nditangofika kumene. Kutali, kuchipululu, kwa ngamila. Kondrat atamva kuti ndine wa ku Daugavpils anati, uyu ndi wakwathu, womukhudza akhudza ine. Ena ankamenyedwa. Ine ankandipatsa batala wake. Ndinkamusokera ndi mtima wonse."

"Nanga lole ija?" anafunsa Modris.

Yefim anayang'ana jekete ili pamkono pake. "Inali yanga. Dzina langa ndi limene linaitanidwa, kukatenga malasha. Mapazi anga anali zilonda zokhazokha, nsalu za m'majombo sindinkadziwa kukulunga. Iye anati, khala, ndikupitira, ndikapitidweko mphepo. Munthu wotsala masiku atatu sankatumidwa ntchito, bwana, inu mukudziwa. Anavala ovolosi, jekete anaisiya pabedi. Anati ukandisokere 2 ndikamabwera."

Kuchipinda cha matsache kunamveka ndowa ikugwa.

"Ndinabwerako, ndinakhala tauni yomweyino. Mlongo wake ndikamuona ndinkawoloka msewu. Zaka makumi anayi. Ndikanamuuza chiyani? Kuti m'bokosi muja munayenera kukhala ine? Ndiye chaka chatha ndabwera kudzaona mapaipi, ndikupeza 3 wanga akundiyang'ana. Lachiwiri Rimma akuti akupita ku Jeremani. Ndinati ayi. Apite kwawo."

"Kiyi munali naye kuyambira Lachitatu," anatero Modris, ndipo apa wapolisi wakale uja anafunadi kumvetsa. "Jeketeyi mukanaitenga tsiku lomwelo, palibe akanakuganizirani. Bwanji munabwera katatu konse, kudziika pa msampha nokha?"

Yefim anamuyang'ana modabwa, ngati wafunsidwa za mwana.

"Masiku anali asanathe. Wochoka masiku asanakwane ndi wothawa usilikali. Kondrat sanali wothawa."

Taisiya anali atatuluka. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panaima Yefim, ndipo bamboyo anaweramitsa mutu ngati akudikira khofi. Mayiyo sanayang'ane nkhope yake. Anayang'ana manja.

"Munamuona?" anafunsa. "Ndi maso anu? Analidi iye m'bokosimo?"

"Ndinamusambitsa ndine, mayi. Ndinamupesa tsitsi. Anali iyeyo."

Taisiya anadzilemba mtanda ndi zala ziwiri, misozi ikutsika yosabisa. "Ambuye, zikomo. Amayi anafunsa funso limeneli mpaka tsiku lomaliza."

Zigurds anali ataima ndi kansalu kachikasu m'manja, akuyang'ana uku ndi uku. Nkhope yake inali itafiira. "Zaka zinayi mukukolopa muno, osandiuza? Mumandiyesa chinyama?" Anatembenukira kwa Modris. "Nanga Mjeremani?"

"Umuuze kuti njenjete zadya. Koma ndiwe mwini katundu, Zigi. Ukati polisi, ndiimba foni pompano. Mlandu ulipo: walowa ndi kiyi wa ntchito, wagwira zosakhala zake."

Zigurds anapuma mwamphamvu. Anayang'ana ziro uja pakolala.

"Sizikutheka," anatero pomaliza. Mtima wa Modris unagwa. "Sizikutheka choncho. Nonsenu munapitako, koma mwambo mwaiwala. Munthu samasulidwa ndi ziro. Amamasulidwa ndi lamulo, ndipo lamulo amaliwerenga mokweza, woliwerengayo ataima pa kampando."

Anapita ku kabati ya mapepala, anafufuza, n'kubwera ndi nyuzipepala yachikasu ya chaka chimenecho, imene sankalola munthu kuipumira. Anaitulutsa m'pulasitiki ndi manja ake.

"Amawerenga ndi wamng'ono pa onse," anatero Yefim motsitsa. "Amene sanakhalitse."

"Ndiye ndine," anayankha Zigurds. "Ine ndilibe ngakhale tsiku limodzi."

Anakwera pa kampando, Modris atamugwira mwendo kuti asagwe. Munthu wa mimba yake, wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu, anawerenga lamulo la boma limene linafa kalekale, lomasula anyamata amene anatsiriza zaka zawo ziwiri. Poyamba mawu anali amphamvu, a sajeni amene ankalota kukhala. Pakati anayamba kunjenjemera. Mzere womaliza anauwerenga monong'ona. Yefim anaima njo, ndipo Modris anazindikira kuti nayenso waimika msana, bondo laiwala kupweteka.

Zigurds anatsika, anatenga jekete kwa Yefim, anaipinda manja ake m'kati monga amachitira asilikali, n'kuipereka kwa Taisiya pamodzi ndi kachipewa.

"Kansalu ka 3 katsala kuno," anatero mokalipa, akufufuza mpango wa m'thumba. "Ndipo Lolemba mubwere msanga, pansi apa pada. Iwe wa mapaipi, paipi ya pakonayo ikudontha chaka chonse, m'malo mosoka uziona zimenezo."

Anatuluka onse kukwera masitepe. Kunja masamba achikasu anali atadzaza msewu ndipo kamphepo kanali kozizira. Taisiya anakana chikwama cha Yefim. Jekete anaikumbatira pachifuwa. Yefim anatsalira m'mbuyo, phazi lake litaloza kale tsidya lina la msewu monga linazolowera.

"Inu," anamuitana Taisiya osacheuka. "Bowa mumadya?"

"Ndimadya, mayi."

"Tiyeni. Mukandiuze zonse, kuyambira tsiku loyamba."

Rimma anatulutsa mutu pawindo la kanyumba kake, maso ali tong'o. "Taya! Iwe Taya! Ukupita nayo kuti jekete ya eni ake masanasana?"

Taisiya anaima, anakonza kolala ija ndi zala zake zopindika kuti kansalu koyera kaoneke bwino.

"Kunyumba," anatero. "Mlongo wanga wabwerako ku usilikali."